Tinakatenga Imfa ya Petulo ku Kasungu

Anthu akwathu ankapita ku Kasungu kukalima fodya. Ine ndinapitako kukafuna pepala lonena kuti mwamuna wanga anamwaliradi, ngati kuti maliro aja ndinkalira zamasewera. Papita zaka zambiri, koma ulendo umenewo ndikhoza kuufotokoza siteji ndi siteji, chifukwa palibe siteji imene sindinalalatirepo munthu.

Ndine Esinati wa ku Milonde, ndipo masiku amenewo ndinkatchola tiyi pa esiteti ina kumunsi kwa phiri. Mwamuna wanga, Petulo Namakhwa, anakwera lole ya olemba matenanti mvula isanagwe, n'kundisiya ndi ana atatu, wamkulu wake Joyisi. Chakumapeto kwa dzinja kunabwera mnzake amene ankalima naye kumeneko, atanyamula nsapato za Petulo ndi kawailesi kopanda mabatire. Anati Petulo anadwala malungo aakulu nthawi yothyola fodya, anakafera m'chipatala cha pa boma, ndipo anamuika ku esiteti komweko. Tinalira, tinameta, anthu anabalalika. Mnzakeyo anawoloka mtsinje wa Muloza, pa malire a dziko lathu, kukaona amayi ake kutsidya, osabweranso.

Kutsidyako kunali nkhondo. Tsiku lililonse anthu ankatulukira kwathu ndi mitolo pamutu, mapazi atatupa, ena osayankhula n'komwe. Ndiye mwamuna akasowa m'mudzi, anthu ankanong'onezana kuti wapita kwa zigawenga. Amene sankanong'ona anali a Likaka, tcheyamani wa nthambi ya chipani m'mudzi mwathu. Anandiimiritsa pa msonkhano anthu onse akuona.

"Mayi, maliro opanda mtembo ife sitiwadziwa," anatero a Likaka. "Mboni yanu ili kutsidya, ndiye ife tikuti mwamuna wanunso ali kutsidya. Lamlungu lachiwiri kuchokera lero tikhala ndi msonkhano pano. Mubwere ndi pepala la boma. Mukalephera, inu ndi ana anu tikakusiyani pa mlatho, mukamupeze komweko."

Ndinayang'ana ana anga atakhala pansi kutsogolo, akuimba nawo nyimbo za chipani osadziwa kuti akukambidwa ndi iwo.

Kuwerenga kwanga n'kwa sitandade thu, ndiye ndinapita kwa alamu anga, a Layitoni, akulu ake a Petulo, omwenso anali ankhoswe a ukwati wathu. Anakwatira mudzi woyandikana nafe ndipo ankagwira ntchito m'fakitale ya tiyi. Munthu wofatsa mpaka kunyansa. Nditawafotokozera anayang'ana pansi nthawi yaitali, ine n'kumaganiza kuti akuwerenga nyerere.

"Tipita, mlamu," anatero pomaliza.

Lachitatu m'mamawa ndinafika pamsewu ndi kadengu kanga, muli chinangwa chophika, kalongonda ndi nanazi mmodzi. A Layitoni anatulukira ndi mtolo ngati munthu wosamuka: bulangete lalikulu lija la pa ukwati wawo, juzi, malaya awiri, mbale yachitsulo ndi supuni. Akazi awo, amake Filipo, ankabwera pambuyo atanyamula chipewa chawo, osanena kanthu.

"Alamu, kodi mukukakwatira ku Kasungu?" ndinawafunsa. "Ulendo wa masiku anayi, katundu ngati wa ku Joni!"

"Kumeneko kumazizira, mlamu," anayankha, n'kukwera lole.

Tinayambira pa boma pathu ku Mulanje, chifukwa ine ndinkaganiza kuti boma ndi limodzi, pepala la ku Kasungu likhoza kutuluka paliponse pamene pali mbendera. Tinakhala pa benchi ya panja pa ofesi ya a DC kuyambira dzuwa lili pa phiri mpaka mthunzi utatithawa. Mesenjala ankangodutsa ndi mafayilo, kulowa uku, kutuluka uko. Ndikamuimitsa ankati, "Dikirani, mayi." Ndinadikira mpaka matako anachita dzanzi. Kenaka onse anapita ku nkhomaliro, ife n'kutsala ndi benchi yathu.

Cha m'ma thu koloko kalaliki anatiitana. Sanatilole n'kukhala pansi komwe.

"Malemuwo anafera muno mu Mulanje?"

"Ayi bambo, ku Kasungu."

"Ndiye mwabwera kudzatani kuno? Munthu amalembedwa kumene wafera. Pitani ku Kasungu."

Mawu amenewa akanatiuza mesenjala uja m'mawa, bwenzi tili ku Limbe. Ndinatuluka ndikutukwana chamumtima, ndipo panja ndinasiya zachamumtimazo. A Layitoni anandigwira mkono kuti anthu asamve.

"Mwamva nokha, mlamu, nkhaniyi ndi yaitali," anatero. "Bwanji tibwerere, tikawapepese a Likaka ndi tambala? Nawonso ndi munthu."

"Tambala ali ndi chidindo cha boma? Alamu, musandiyambe."

Tinagona kwa msuweni wanga ku Chitakale, ndipo Lachinayi tinakwera basi ya lokolo yodzera ku Midima. Inadzaza mpaka pakhomo, pamwamba pali mikoko ya nthochi, njinga ndi mbuzi imodzi imene inalira njira yonse ngati ikudziwa kumene ikupita. Ine ndinali m'mphepete mwa mpando, theka la thupi lili m'malere. Sitinapite patali. Titangofika pa Thuchila basi inatsokomola kawiri, inanjenjemera, n'kuzima. Dalaivala anatsegula kutsogolo, anayang'anamo ngati akuyang'ana m'chitsime, n'kutiuza kuti lamba waduka ndipo wina achokera ku Limbe.

"Achokera ku Limbe pa chiyani?" ndinamufunsa.

"Pa basi yobwera, mayi."

"Nanga yobwerayo ifika liti?"

"Ikafika muiona."

Abale, ndinazungulira basi imeneyo kangati kaya. Kukhala pansi kunkandikanika. Ndikangomva kulira kwa galimoto ndinkathamangira pamsewu, n'kupeza kuti ndi thirakitala. Anzathu ena analowa mu msika kukagula mandasi, koma pachipata panali anyamata a chipani oona makhadi, ndipo mayi wina anamubweza ati khadi lake ali nalo koma la mwana wa kumsana lili kuti. Ine ndinangogwira langa pachifuwa n'kubwerera ku mthunzi wa basi.

Mumthunzimo ndinakhala pafupi ndi bambo wina wachikulire wa jekete lakhaki, a Chiwaya, amene anati anagwirapo umesenjala wa khoti asanapume. Anandifunsa chimene chinkandiyendetsa uku ndi uku ngati nkhuku yofuna kuikira, ndipo ndinawakhuthulira zonse.

"Mverani kuno, mayi," anatero a Chiwaya. "Mukafika musakayambire kwa a DC, akakubwezani. Kayambireni kuchipatala. Kumeneko kuli buku la omwalira. Mukanene mwezi, mukanene mudzi, mukanene dzina monga analembetsera mwiniwake. Akalipeza akakupatsani kakalata, kakalatako ndiko mukapite nako kwa a DC. Koma dzina, mayi, dzina. Boma silidziwa nkhope."

"Dzina ndiye losavuta," ndinatero ine. "Munthu ndakhala naye zaka khumi."

A Layitoni, amene ankasenda nanazi uja, anadzicheka chala. Ndinawaseka kuti munthu wa m'fakitale akulephera mpeni wa kukhitchini.

Lamba anafika dzuwa litapendeka. Pofika ku Limbe basi ya ku Lilongwe inali itapita kalekale, ndipo tinagona pa depoti, ine nditatsamira dengu. Tsiku lathunthu linathera pa mtunda umene wapanjinga amaumaliza asanamve njala.

Lachisanu tinapeza ekisipulesi. Imeneyo ndiye inkathamanga, mpaka mtima wanga unayamba kukhala m'malo. Ku Zomba ndinangoona mitengo ndi nyumba zazikulu zikudutsa pawindo. Koma pa mlatho wa Liwonde anatiimitsa apolisi, n'kunena kuti amuna onse atsike ndi ziphaso za msonkho m'manja. Ndinasuzumira pawindo. Amuna anaima pamzere padzuwa, ndipo awiri amene analibe ziphaso anawakhazika pansi pambali, nsapato atavula. Itafika nthawi ya alamu anga, wapolisi anatenga chiphaso chawo cha chaka chimenecho, chatsopano bwinobwino, n'kuwerenga mokweza.

"Layitoni Namakhwa. Ndinu?"

Alamu anga anangoti kukamwa yasa.

"Ndikufunsa, ndinu?"

"Ndine, bwana."

Atabwerera m'basi malaya awo anali atanyowa kumsana konse. Ine osawamvera chisoni n'komwe.

"Alamu, dzina lanu lomwe mpaka kuliganizira? Mukanati mulibe chiphaso bwenzi mutakomoka."

Mayi wina wonenepa amene anakwerera pa Balaka ndi mabasiketi a usipa anamva kayankhulidwe kathu, n'kuyamba kuuza mnzake kuti Anguru adzaza dziko, akuthawa kwawo. Ndinamuuza kuti ine ndinabadwira pansi pa phiri la Mulanje, mchombo wanga uli komweko, ndipo tiyi amene amamwa m'mawa ndi wa zala zangazi. Tinakangana mpaka pa Ntcheu. Potsika anandisiyira usipa wodzaza dzanja, ati ndikadyetse pakamwa pangapo.

Kupitirira Ntcheu phokoso langa linatha lokha. Kumeneko msewu umayenda m'malire enieni, dzanja ili kwathu, dzanja ilo kutsidya. Mbali yathu anthu ankagulitsa kabichi ndi mbatatesi. Mbali inayo kunali masitolo opanda madenga, makoma akuda ndi moto, udzu utamera m'mawindo, popanda ngakhale galu. Ndinaganiza za ana anga atatu akuyenda m'mabwinja ngati amenewo, wamng'ono akufunsa madzi. Ndinalira mwakachetechete, nkhope nditalozetsa pawindo. A Layitoni nawonso ankayang'ana komweko, ndipo kuyambira pamenepo mpaka ku Lilongwe sanatchulenso zobwerera.

Anadzazitchula Loweruka m'mawa pa depoti ya ku Lilongwe, basi ya ku Kasungu itachedwa maola atatu. Ankati bwanji ine nditsale iwo apite okha. Kenaka anasintha, ati bwanji iwo atsale ine ndipite ndekha. Ndinawafunsa ngati mutu ukuyenda bwino.

"Mlamu, ine ndikungoopa kuti mwina tikapeza zina," anatero.

"Zina ziti? Kuti Petulo ali moyo? Zimenezo ndiye ndikavina pa chipatala pomwepo. Kwerani basi, alamu, anthu akutilanda malo."

Tinafika ku Kasungu Loweruka masana, maofesi atatseka. Kalanga ine! Masiku anayi pa msewu, n'kudzapeza loko pachitseko. Amayi odikirira odwala anatilandira pa chitando chawo kuseri kwa chipatala, ndipo Lamlungu lonse ndinalithera kuwerenga masiku pa zala: msonkhano wa a Likaka unali Lamlungu lotsatira, kubwerera kunkafuna masiku atatu, ndiye ndinatsala ndi anayi. Ndinawerenga kambirimbiri ngati kuti mwina achuluka. Ndinatunga madzi a anthu osawadziwa, ndinasesa pamalo posesedwa kale. A Layitoni anapita ku tchalitchi m'mawa, n'kupitanso masana ku tchalitchi china.

Lolemba ndinali woyamba pakhomo la kalaliki wa chipatala. Anali bambo wa imvi, wa magalasi omangidwa ndi ulusi, munthu waulemu wake. Anatikhazika pansi, anatulutsa buku lalikulu lachikuto chakuda, n'kufunsa mwezi. Ndinati Febuluwale, nthawi yothyola fodya. Anafunsa mudzi, ndinanena. Anafunsa dzina.

"Petulo Namakhwa."

Chala chake chinatsika tsamba loyamba, chinatsika lachiwiri, chinabwerera m'mwamba.

"Petulo mulibe, mayi."

"Yang'ananinso, bambo. Wamtali, wakuda, wotsimphina mwendo wamanzere."

"M'buku mulibe miyendo, mayi. Namakhwa alimo mmodzi yekha, wa ku Mulanje, mudzi womwe mwanenawo, tenanti wa fodya, malungo. Koma dzina lake ndi Layitoni."

Ndinaseka. Ndithu ndinaseka, mpaka kuwomba m'manja.

"Ndiye mwalakwitsa kulemba, bambo! A Layitoni ndi awa akhala apawa, amoyo, adya chinangwa changa njira yonse!"

Palibe anaseka nane. Kalaliki anavula magalasi n'kuyang'ana alamu anga. Alamu anga ankayang'ana chipewa chawo pa maondo.

"Ife timalemba zimene zili pa chiphaso cha msonkho chimene wodwala wabwera nacho," anatero kalaliki motsitsa mawu. "Bambo, ine sindinamve kanthu. Kubwereketsa chiphaso cha boma ndi mlandu, ndipo masiku ano, munthu wa m'malire ngati inu, sindikudziwa kuti akautenga bwanji. Kakalata ka Layitoni ndikhoza kulemba. Ka Petulo sindingathe, pokhapokha a DC atalamula, wina atalumbira kuti womwalirayo anali Petulo ndipo chiphaso chinali chobwereka. Pitani panja mukakambirane."

Panja panali mtengo wa mango. Ndinafika pamenepo sindikudziwa kuti ndayenda bwanji.

"Nenani," ndinatero.

"Mukukumbuka chaka chatha Petulo anagona miyezi ija ndi mwendo," anayamba a Layitoni. "Msonkho sanadule. Olemba matenanti sankakweza munthu wopanda chiphaso, ndiye anabwera kwa ine m'mawa wa tsiku la lole. Ndinamupatsa changa. Ndinati ine ndili pa fakitale, aliyense akundidziwa, adzandifunsa ndani? Kwathu timabwerekana khasu, timabwerekana jekete la ukwati. Ndinaona ngati n'chimodzimodzi, mlamu. Anati musadziwe, mungadandaule."

"Ndiye munkadziwa! Kuchokera ku Milonde munkadziwa, ine n'kumalalata m'mabasi ngati wamisala!"

"Ndinkati mwina kuchipatala anatchula dzina lake lenileni. Ndapempherera zimenezo njira yonse."

Zimene ndinawanena pansi pa mango amenewo sindingazibwereze, ndine mayi wa mvano tsopano. Ndinawatchula amantha, ndinawatchula achinyengo, ndinati apha ana anga ndi ulemu wawo wopusawo. Amayi a pa chitando anasiya miphika n'kumationerera. Nditatopa ndinakhala pa muzu, ndipo mkwiyo utaphwa ndinayamba kuona zinthu bwino. Bamboyu anali ndi ana asanu ndi mmodzi. Akalowa m'manja mwa apolisi, ntchito ya ku fakitale yatha, ndipo masiku amenewo munthu ankatha kulowa pa nkhani ya msonkho n'kutulukira pa nkhani ina, kapena osatuluka. Anachita zimenezo pofuna kuthandiza mng'ono wake, mwamuna wanga, kuti ana anga omwewo adye.

"Tiyeni ku depoti, alamu," ndinatero. "Ndikawagwadira a Likaka. Mwina tambala uja agwira ntchito."

Ananyamula mtolo wawo, ine dengu langa. Titafika pa mphambano ine ndinakhotera ku depoti, koma nditacheuka ndinaona bulangete lija likulowera kwina, kumene kunali mbendera.

"Alamu! Depoti ili kuno!"

Sanacheuke. Munthu amene ndinamukoka ngati mbuzi kuchokera ku Mulanje, tsiku limenelo ndinachita kumuthamangira.

Kwa a DC anatilowetsa kwa wachiwiri wawo, bwana wachinyamata wa tayi. A Layitoni anavula chipewa, anaima chilili, n'kufotokoza zonse mwadongosolo ngati akuwerenga kalata, mawu osanjenjemera ngati pa Liwonde paja. Bwanayo anawafunsa kawiri ngati akudziwa chimene akudziitanira. Anati akudziwa. Analemba, anawalumbiritsa, iwo anasayina. Kenaka bwanayo anati pakufunikanso mboni ya ku esiteti imene inamudziwa malemuyo, ndipo anatuma mesenjala kukaitana wapolisi.

Wapolisiyo sanawamange n'komwe, anangoti tiyeni. Pakhomo a Layitoni anandipatsa chipewa chawo.

"Mukawapatse amake Filipo. Ndipo pobwerera musakakwere ya ku Midima, mlamu, mukadzere ku Thyolo."

Ndinangoona mtolo uja ukukhota pakona ya ofesi.

Lachiwiri ndinakwera ngolo ya thirakitala yopita ku esiteti, pamwamba pa matumba a feteleza, fumbi mpaka m'mano. Kapitawo wa kumeneko, a Zimba, anandizindikira ndisanamalize kudzitchula.

"Ndinu a Esinati? M'buku tinamulemba Layitoni, koma anzake a ku Mulanje ankamuitana Petulo. Ife tinkangoti ndi dzina la ubatizo. Malungo atamukwera ankangotchula inu."

Ananditengera kumanda a alendo, kuseri kwa zigafa za fodya. Pa mtumbira wake panali kachitsulo kodula ku chitini, kolembedwa ndi penti. Kuwerenga kwanga n'kochepa, koma chilembo choyamba cha dzina la mwamuna wanga ndimachidziwa, ndipo sichinali chimenecho. Miyezi yonse ija Petulo anagona pansi pa dzina la mkulu wake. Ndinagwada n'kulira maliro enieni, amene aja a kumudzi anali chiyambi chabe. Nditatha ndinapempha a Zimba penti imene amalembera mabelo, ndipo anatembenuza kachitsuloko n'kulemba Petulo kuseri kwake, ine ndikuyang'ana chilembo chilichonse.

A Zimba anati sangachoke pa ntchito mpaka Lachitatu. Lachitatu tinapita kwa a DC, analumbira. Kalaliki wa magalasi uja analemba kakalata, ndinathamanga nako kwa a DC, ndipo anandiuza kuti wosunga chidindo wapita ku maliro, ndibwere mawa. Ndinapempha kuti ndione alamu anga ku polisi, anandikaniza, koma analandira chinangwa chimene ndinawagulira. Lachinayi ndinakhala pa benchi kuyambira m'mawa, maso ali pa chitseko, phazi likugunda pansi lokha. Chidindo chinamenyedwa dzuwa litapendeka. Kapepala kake kochepa, kopepuka ngati tsamba la tiyi. Ndinakakulunga m'kansalu n'kukamangirira pachifuwa, ndipo mpaka ku Mulanje sindinakamasule ngakhale posamba m'manja.

Za pobwerera ndilibe zambiri. Lachisanu Lilongwe, Loweruka Limbe, ndipo pa Liwonde amuna atatsika ndinangoyang'ana chipewa chili pa maondo anga. Ndinadzera ku Thyolo monga anandiuzira. Lamlungu masana lole inanditsitsa pa Milonde nyimbo za msonkhano zikumveka kale, ndipo ndinalowa pabwalo ndi fumbi la ku Kasungu kumapazi. A Likaka analandira pepalalo, analitembenuza uku ndi uku, n'kupatsa mlembi wawo kuti awerenge. Mlembi atafika pa dzina la Petulo, amayi ena anayamba kusisima.

"Boma lanena," anatero a Likaka. "Khalani pansi, mayi." Anayambitsa nyimbo ina, nkhani n'kuthera pomwepo, popanda ngakhale pepani.

Ana anga anagona m'nyumba mwawo, ndipo akulira momwemo mpaka kukwatiwa ndi kukwatira. A Layitoni anakhala kundende miyezi inayi, ndipo ku fakitale sanawalandirenso. Koma zimenezo tinadzazidziwa pambuyo. Tsiku limenelo ndinali ndisanadziwe ngati adzabwera n'komwe, ndipo ulendo umene unandilemera kuposa wa ku Kasungu unali wochoka pabwalo la msonkhano kupita mudzi woyandikana nafe, chipewa chili m'manja.

Ndinawapeza amake Filipo akusenda nandolo pakhonde. Njira yonse ndinkakonza mawu, koma ataona chipewa anaika lichero pansi, n'kuchilandira ndi manja awiri. Kumbuyo kwanga sanayang'aneko n'komwe.

"Pepala mwalipeza, amake Joyisi?"

"Ndalipeza."

"Lalembedwa Petulo?"

Ndinagwedeza mutu. Ndiye nawonso ankadziwa.

"Chiphasocho ndinachitulutsa m'chitini ndine, m'mawa uja wa lole ya matenanti," anatero. Anapukuta fumbi pa chipewacho ndi nsonga ya chitenje. "Nanga bulangete lija, anawalola kulowa nalo?"

"Analowa nalo."

"Chabwino. Ndinamva kuti kumeneko amagona pa simenti, ndiye ndinawamangira lalikululo, ndi mbale yawoyawo."

Ndinakhala pansi pa dothi, pafupi ndi mapazi awo. Ndinakumbukira m'mawa uja pamsewu, mayiyu ataima chete ndi chipewa m'manja, ine ndikufunsa amuna awo ngati akukakwatira ku Kasungu.